Ndine katswiri wa dziko langa pa makilogalamu 70, kodi ndingafike bwanji ku Olimpiki?

Funso: Ndili ndi zaka 21 ndipo ndimachita masewera ogwetsana a freestyle (mtundu wolola kugwira ndi kugwiritsa ntchito miyendo). Kwa zaka ziwiri zotsatizana ndapambana mpikisano wa dziko langa m'gulu la makilogalamu 70. Ndikamadya bwinobwino osadzimana ndimalemera pakati pa 73 ndi 74. Anzanga akuti poti kwathu palibe wondigwetsa, ulendo wa ku Los Angeles mu 2028 ndi wanga basi. Aphunzitsi anga akufuna nditsike mpaka 65. Kodi munthu amadzigulira bwanji malo ku Olimpiki, nanga ine ndiyambire pati?

Yankho: Achimwene, anzanuwo amakufunirani zabwino, koma zimene akukuuzanizo si zoona. Ku Olimpiki kulibe gulu la makilogalamu 70. Bungwe la United World Wrestling, lomwe limayendetsa masewerawa padziko lonse, lili ndi magulu 10 a amuna mu freestyle: 57, 61, 65, 70, 74, 79, 86, 92, 97 ndi 125. Onsewa amapikisana pa mpikisano wa padziko lonse, koma ku Olimpiki kumapita 6 okha, omwe ndi 57, 65, 74, 86, 97 ndi 125. Ndiye Olimpiki ikamayandikira, anthu a 70 amabalalika, ena kutsikira ku 65, ena kukwera ku 74, n'kukapeza eni ake a maguluwo atakhazikika kale. Aphunzitsi anu akudziwa zimenezi, n'chifukwa chake ayamba kukamba za 65. Kuti musamuke akunena zoona. Kumene akufuna musamukireko ndi kumene ine ndikutsutsana nawo, ndipo ndibwererako, chifukwa nkhani yanu yonse yagona pamenepo.

Poyamba mumvetse mmene malo amagawidwira. Ku Paris mu 2024 gulu lililonse linali ndi malo 16 okha, ndipo dziko limodzi silinkaloledwa kulowetsa anthu awiri m'gulu limodzi. Malo asanu anaperekedwa pa mpikisano wa padziko lonse womwe unachitikira ku Belgrade mu September 2023. Anayi anapita kwa amene anapata mamendulo, poti masewerawa amapereka mamendulo awiri a mkuwa, ndipo achisanuwo anawalimbirana anthu awiri amene anagonja pofuna mkuwawo. Kenako kunabwera mipikisano inayi yachipulula ya m'zigawo, uliwonse wopereka malo awiri: ku Acapulco kwa maiko a ku America, ku Alexandria kwa Africa ndi Oceania pamodzi, ku Baku kwa Ulaya, ndi ku Bishkek kwa Asia. Otsala onse anakakumana ku Istanbul mu May 2024 kulimbirana malo atatu omaliza. Pa Olimpiki ya ku Tokyo kagawidwe kanali kosiyanako: malo 6 anaperekedwa ku Nur-Sultan mu 2019, ndipo mpikisano womaliza wa ku Sofia unangopereka awiri. Olimpiki iliyonse imakhala ndi chikalata chake chofotokoza zimenezi, ndipo cha 2028 muchiwerenge nokha, osadalira zongomva.

Pa makomo atatu a 2024 aja, omwe ndi mpikisano wa padziko lonse, wa m'chigawo ndi womaliza, lanu lenileni ndi lapakatilo. Pa mpikisano wa padziko lonse mumakhala aliyense, a Iran, Japan, United States, Georgia, Azerbaijan, Turkey, ndipo kufika pa nambala 5 pakati pa anthu amenewa n'kovuta ngati kupata mendulo ya Olimpiki yeniyeniyo. Mpikisano wa m'chigawo umapepukirako chifukwa dziko limene lapeza kale malo m'gulu linalake silibweranso kudzapikisana m'gulu lomwelo. Anthu ena amadzinyenga kuti zikakanika m'chigawo adzayesa pa womaliza uja. Kumeneko kumasonkhana onse amene anakanika ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo pakati pawo pamakhala anthu oti anapatapo mamendulo a padziko lonse. Thupi lanu ndi maganizo anu muzikonzekeretsere tsiku la m'chigawo. Dziwaninso kuti pa mpikisano umenewo masewero a semifainolo ndiwo amagamula zonse, popeza awiri amene afika mu fainolo onse amakhala atadzigulira malo. Komanso musausokoneze ndi mpikisano wa chaka ndi chaka wopezera katswiri wa chigawo. Mu 2024 munthu ankatha kukhala katswiri wa chigawo chake koma osapita ku Paris, chifukwa malo ankaperekedwa pa wachipulula wokha.

Tsopano china chimene chimapweteka ambiri mochedwa: malowo sakhala anu. Mukapambana, malo amalembedwa m'dzina la komiti ya Olimpiki ya dziko lanu, ndipo bungwe la masewerawa kwanuko ndilo limasankha woti akawagwiritse ntchito. David Taylor wa ku United States anapata golide ku Tokyo pa makilogalamu 86, anapambananso ku Belgrade mu 2023 n'kupezera dziko lake malo. Mu April 2024, pa mpikisano wosankhira timu, Aaron Brooks anamugonjetsa kawiri, ndipo ku Paris anapita Brooks, yemwe anakabwerako ndi mkuwa. Taylor sakanadandaula, lamulo la kwawo linali lodziwika kuyambira kale. Ku Japan anachita zina: amene anapata mendulo ku Belgrade m'gulu la Olimpiki malowo anali ake, popanda kuyesedwanso. Kumene kulibe lamulo lolembedwa ndi kumene kumabuka milandu. Mu 2016 ku India, Narsingh Yadav ndiye anali atapeza malo a 74 popata mkuwa ku Las Vegas chaka cham'mbuyo, koma Sushil Kumar, yemwe anali ndi mamendulo awiri a Olimpiki, anakafika mpaka kukhoti lalikulu ku Delhi kupempha kuti awiriwo agwetsane kaye. Khoti linamukanira. Miyezi imene anthu akanakhala akukonzekera inathera m'mikangano. Inuyo pemphani bungwe lanu likupatseni ndondomeko yosankhira timu yolembedwa papepala, ndipo mupemphe panopa pamene palibe amene akudziwa kuti lamulolo lidzakomera ndani.

Tibwerere ku sikelo. Kale anthu ankapimidwa kamodzi, tsiku loti mawa lake ndi mpikisano, ndiye munthu ankatha kudziumitsa madzi m'thupi, kukwera pasikelo, kenako kudya ndi kumwa usiku wonse n'kudzuka ali bwino. Kuyambira 2018 zinasintha. Mumapimidwa m'mawa wa tsiku lomwelo la masewero, patangotsala maola ochepa kuti mulowe m'bwalo, ndipo mukafika ndime ya mamendulo kapena ya repechage (mwayi wachiwiri wa amene anagonja kwa anthu amene afika mu fainolo) mumapimidwanso m'mawa wa tsiku lachiwiri. Tsiku loyamba amapereka mphindi 30, lachiwiri mphindi 15 zokha. Pali mipikisano ina ya maiko osiyanasiyana imene imalola kupitirira ndi makilogalamu awiri, ndipo imeneyi ndi imene imapusitsa achinyamata: munthu amapikisana chaka chonse akulemera 67, n'kumadzitcha wa 65. Ku Olimpiki salola ngakhale galamu imodzi.

Zimenezi zagwetsa anthu akuluakulu. Rei Higuchi wa ku Japan, yemwe anapata siliva ku Rio mu 2016 pa makilogalamu 57, anapita ku Almaty mu April 2021 kukafuna malo a Olimpiki imene inkachitikira kwawo. Anapitirira ndi magalamu 50, ndipo sanalowe n'komwe m'bwalo. Malowo anadzawapeza Yuki Takahashi ku Sofia, ndipo ndi Takahashi amene anaimira Japan. Higuchi anadikira mpaka 2024 kuti apate golide ku Paris. Ku Paris komweko Vinesh Phogat wa ku India anagonjetsa Yui Susaki wa ku Japan, yemwe anapata golide ku Tokyo, anafika mu fainolo ya amayi ya makilogalamu 50, koma m'mawa mwake sikelo inaonetsa kuti wapitirira ndi magalamu pafupifupi 100. Anachotsedwa mumpikisano wonse, siliva amene anali kale m'manja anapita, ndipo khoti loweruza milandu ya zamasewera la Court of Arbitration for Sport linakana apilo yake. Anthu ambiri amaiwala chimene chinamufikitsa ku 50. Gulu lake linali 53, koma malo a India a 53 anali atawapeza kale Antim Panghal ku Belgrade. Anatsikira m'gulu limene thupi lake linkavutika kulifikira masiku awiri otsatizana.

Werengani zanu tsopano. Kuchokera pa 73 kapena 74 kufika pa 65 ndi makilogalamu 8 kapena 9, kupitirira gawo limodzi mwa magawo khumi a thupi lanu lonse. Munthu amene wapambana mpikisano wa dziko kawiri sakhala ndi mafuta ambiri oti angataye, ndiye zochuluka zidzachoka m'minofu ndi m'madzi. Madzi akachepa m'thupi, magazi amachepanso, mtima umagunda mofulumira pa ntchito yomweyomweyo, manja amafooka pogwira, ndipo mutu suganiza msanga. M'mphindi ziwiri zoyambirira simuzindikira. Zimaonekera m'chigawo chachiwiri cha masewero anu achitatu a tsikulo, omwe nthawi zambiri ndiwo ogamula malo aja. Komanso muli ndi zaka 21, thupi lanu likukhwimabe, ndipo pofika 2028 mapewa ndi msana zidzakhala zitadzaza kuposa lero. Kutsikira ku 65 n'kulimbana ndi thupi lanu kwa zaka zingapo, chaka chilichonse nkhondoyo ikukulirakulira.

Ine ndikanakhala aphunzitsi anu ndikanakukwezani ku 74. Pali amene anayenda njira imeneyi zikuyenda. Hassan Yazdani wa ku Iran anapata siliva wa padziko lonse pa 70 mu 2015, anakwera ku 74, ndipo chaka chotsatira anapata golide ku Rio. Frank Chamizo, wobadwira ku Cuba koma woimira Italy, anali katswiri wa padziko lonse pa 65 mu 2015 ndi pa 70 mu 2017, kenako anakhazikika pa 74 n'kupata siliva wa padziko lonse mu 2019. Sindikubisani kuti otsika nawonso alipo. Zain Retherford wa ku United States anali katswiri wa padziko lonse pa 70 mu 2023, anatsikira ku 65, ndipo ku Istanbul anagonja, anadutsa mu repechage, n'kutenga malo achitatu omaliza aja. Koma iye anali atapikisanapo pa 65 zaka zam'mbuyo. Ngati mulibe madokotala ndi akatswiri a zakudya okuyang'anirani, musatengere chitsanzo chake.

Kukwera nakonso kuli ndi mtengo wake. Pa 74 mukakumana ndi anthu amene amachita kutsikirako kuchokera pamwamba, ndipo inu mukangolowa mmene mulilimu mudzakhala wamng'ono m'gulumo. Mudzamva kulemera kwa manja awo pakhosi panu, ndipo mwendo umene munkaunyamula mosavuta pa 70 udzakhala ngati mtengo wozikika. Pamafunika chaka kapena kupitirira chonyamula zitsulo ndi kudya mokwanira kuti muzilemera makilogalamu atatu kapena anayi pamwamba pa 74, kenako muzitsika pang'ono chabe sabata ya mpikisano. Chimene mudzapite nacho kumeneko ndi liwiro la munthu wa 70 komanso mpweya wa munthu amene sanagone ndi njala. Musanagamule, pitani ndi aphunzitsi anu kwa dokotala wa zamasewera akakupimeni kuchuluka kwa mafuta m'thupi. Akapeza kuti muli ndi mafuta ambiri kuposa mmene ndikuganizira, nkhani ya 65 itha kukambidwanso. Muonenso amene ali pa 65 ndi pa 74 m'dziko lanu ndi m'chigawo chanu, chifukwa gulu lokomera thupi lanu likhoza kukhala ndi munthu wakwanu woti simungamudutse. Komabe kuthawa munthu mmodzi si chifukwa chokwanira chozunzira thupi zaka zonsezi.

Za m'bwalo nazo zikufuna kusintha. Katswiri wa dziko amene alibe womuvutitsa amazolowera zoipa mosadziwa: amadikira, amabwerera m'mbuyo, amagwetsa munthu n'kumusiya adzuke. Kunja zimenezi zimalangidwa. Masewero amakhala ndi zigawo ziwiri za mphindi zitatu, kupuma masekondi 30 pakati. Kugwetsa mnzanu n'kumulamulira ndi mapointi awiri, kumuchotsa choimirira n'kumugwetsera chagada ndi anayi, kumukankhira kunja kwa bwalo ndi imodzi. Oyimbira akaona kuti simukuchitapo kanthu amakuchenjezani, kenako amakupatsani masekondi 30 oti mupeze pointi, mukalephera pointi imapita kwa mnzanuyo. Masewero ambiri achipulula, poti aliyense amaopa kulakwitsa, amathera pa timapointi totere, 2-1 kapena 3-2. Amene amalamulira pakati pa bwalo ndi manja ake, n'kumakankhira mnzake cha kumzere, amapambana masewero oterewa ngakhale asanagwetse munthu.

Mapointi akafanana palibe nthawi yowonjezera. Amayang'ana amene anapeza mapointi akuluakulu pa kugwira kumodzi, kenako amene ali ndi machenjezo ochepa, kenako amene anapeza pointi yomaliza. Yazdani uja, mu fainolo ya ku Rio, anali kumbuyo 6-0 kwa Aniuar Geduev wa ku Russia, masewero anatha 6-6, ndipo golide anapita kwa Yazdani chifukwa cha lamulo limeneli. Inu ndi aphunzitsi anu muzidziwa sekondi iliyonse amene akutsogola mapointi akafanana. N'zomvetsa chisoni kuona munthu akuteteza 4-4 mpaka belu kulira, akuganiza kuti ndi yake. Aphunzitsi aphunzirenso kusamala popempha kuti oyimbira aonenso kanema, chifukwa pempho likakanidwa mdani wanu amalandira pointi.

Ngati pali luso limodzi limene ndingakuuzeni kuti muliwirikize, ndi la pansi. Mukagwetsa munthu, oyimbira amakupatsani kanthawi kochepa koti mumutembenuze, ndipo kutembenuza kulikonse ndi mapointi awiri. Amene amadziwa kumanga mnzake m'chiuno n'kugubuduka naye, kumene amati gut wrench, kapena kupiringiza miyendo yake, kumene amati leg lace, amatha kuchoka pa 2-0 kufika pa 10-0 osadzuka, ndipo mu freestyle kusiyana kwa mapointi 10 kumathetsa masewero pomwepo. Pa tsiku lokhala ndi masewero atatu kapena anayi, kumaliza oyambirira m'mphindi imodzi kumakusungirani mphamvu za semifainolo. Kudziteteza pansi n'kofunikanso chimodzimodzi, chifukwa anthu ochokera kumaiko kumene masewerawa ndi olimba amakula akutembenuzana.

Zonsezi simungaziphunzire kwanu mukugwetsa anthu omwewo. Mukufunika masewero ambiri ndi alendo mpikisano wachipulula usanafike: mipikisano ya chigawo, ya achinyamata osapitirira zaka 23 pamene msinkhu ukukulolani, ya Ranking Series (yopezera mapointi pa mndandanda wa osewera padziko lonse) ngati ndalama zilipo, komanso makampu ophunzira limodzi ndi matimu a maiko ena. Kampu ya milungu iwiri kumene mukugwetsedwa tsiku lililonse imakupindulitsani kuposa mendulo ina ya kwanu. Za ndalama, funsani komiti ya Olimpiki ya dziko lanu za thandizo la Olympic Solidarity, lomwe limaperekedwa kwa osewera amene akukonzekera Olimpiki kudzera m'makomiti amenewa. Simungadzilembetse nokha pa mpikisano wa United World Wrestling, amakulembetsani ndi bungwe lanu, ndipo mumafunika laisensi ya chaka chimenecho. Pasipoti ndi viza zikhale zokonzeka kale. Popima sikelo dokotala amayang'ananso khungu, ndipo chipere kapena matenda ena opatsirana a pakhungu akhoza kukubwezani musanagwire munthu.

Pa za mankhwala ndikhala wachidule koma musazipeputse. Malamulo a World Anti-Doping Agency, bungwe lolimbana ndi mankhwala oletsedwa pa masewera, amati chilichonse chopezeka m'thupi lanu ndi mlandu wanu, kaya munadziwa kaya ayi. Mapiritsi okodzetsa, amene amakopa anthu ofuna kutsika msanga, ndi oletsedwa. Kuikidwa diripi yoposa mamililita 100 pa maola 12 n'koletsedwanso, kupatula pamene mukulandira chithandizo m'chipatala kapena muli ndi chilolezo, ndiye njira yakale yodziumitsa kenako n'kubwezera madzi kudzera mumtsempha inatsekedwa. Narsingh Yadav uja, atapambana mlandu wa malo, anapezeka ndi mankhwala oletsedwa, anapatsidwa chiletso cha zaka zinayi ali kale ku Rio, ndipo sanalowe m'bwalo. Ufa ndi mapiritsi owonjezera mphamvu amene mudzafune pokweza thupi kupita ku 74 ndi amene amakola anthu ambiri osalakwa. Musamwe chilichonse chimene dokotala wa timu sanachione.

Mwina wina adzakunong'onezani zosintha dziko, poona anthu ngati Akhmed Tazhudinov, wobadwira ku Dagestan, amene anapatira Bahrain golide wa 97 ku Paris, kapena Myles Amine, wokulira ku United States, amene anapatira San Marino mkuwa ku Tokyo. Amenewo anachokera kumene akatswiri ndi ochuluka zedi koma malo ndi amodzi. Inu vuto limenelo mulibe, ndinu woyamba kwanu. Komanso malamulo a Olimpiki amati munthu amene anaimirapo dziko lina adikire zaka zitatu asanaimire latsopano, pokhapokha mbali zonse zitagwirizana kufupikitsa.

Chimene ndikanachita ine miyezi ikubwerayi ndi ichi. Mukapimitse thupi, mukhale pansi ndi aphunzitsi anu muli ndi zotsatira m'manja, ndipo mugamule gulu kamodzi, osamasinthasintha. Mukagwirizana za 74, mpikisano wa dziko wotsatira mulowe pa 74 pomwepo, ngakhale kuti chikho cha 70 mukanachitenganso mosavuta. Mutha kugonja kwa munthu amene ali kale m'gulumo, ndipo anzanu aja adzanena kuti mwadziwonongera mbiri. Aleke anene. Muyenera kudziwa msanga kuti munthuyo amakuposani pati, chifukwa bungwe lanu likamadzasankha woti akalimbirane malo pa mpikisano wa padziko lonse wa 2027 ndi pa wachipulula wa m'chigawo, lidzatumiza munthu mmodzi pa 74, ndipo woyamba kumugwetsa ndi ameneyo.